Tsiku limene ndinasamutsira midzi ya ku Mchinji ku Zambia

Linali Lachitatu, pa 14 Meyi 1997, nthawi ili kota pasiti leveni m'mawa, pamene ndinagwira chinthu chimene sindinayenera kuchigwira. Nthawiyo ndikuikumbuka bwino chifukwa ndisanayambe ndinayang'ana kaye wotchi ya pakhoma, monga achitira munthu wofuna kuba. Nkhaniyi ndakhala nayo zaka zambiri osaiulula. Ngakhale pano ndikulemba khomo nditatseka.

Masiku amenewo tinkakhala ku Amereka, ku Hyattsville, m'kanyumba ka chipinda chimodzi ndi balaza, ine, mwana wanga Tadala ndi abambo ake. Abambo a Tadala ankagwira ntchito panyumba ina yosungirako okalamba. Ine ndinkagwira ya m'nyumba ku Arlington, kwa Mayi Chikopa, amene ndinkawatchula kuti Anti ngakhale panalibe chibale (iwo kwawo ndi ku Zomba, ine ku Mchinji). M'mawa uliwonse ndinkabereka mwana, n'kusintha sitima kawiri, n'kukafika ana awo atapita kale kusukulu. Kuchapa, kusita, kukolopa, kuphika. Ntchito wamba. Koma inali ndi chinthu chimodzi chimene kwina m'dziko muno simukanachipeza: Anti ankandilola kubwera ndi mwana. Anzanga a kutchalitchi ankasiya ana awo kwa anthu osawadziwa bwino, ena mpaka kuwatumiza kumudzi. Wanga, wa chaka chimodzi ndi miyezi isanu ndi iwiri, ankagona pachitenje pafupi ndi pamene ndikusita.

Anti anali ojambula mapu kubungwe lina lalikulu la mumzindamo loona za madzi. Masiku ena ankagwirira kunyumba, m'kachipinda ka m'mwamba momwe munali kompyuta. M'chipindamo ndinkangolowa kukapukuta fumbi, ndipo kompyutayo ndinkaipukuta ndi nsonga ya nsanza, nditaima patali.

Sabata imeneyo anali pa mapu a mijigo ya boma la Mchinji, ofunika pamsonkhano wa Lachinayi masana. Lachitatu m'mawa ndinawapititsira tiyi, iwo n'kundikodola.

"Make Tada, tabwera udzaone kwanu."

Ndinaima kumbuyo kwawo, thireyi ili m'manja. Pagalasi panali mizere yopotanapotana ndi timadontho tambirimbiri, tina tofiira, tina tabuluu.

"Kadontho kalikonse ndi mudzi," anatero. "Kabuluu ndiye kuti pali mjigo, kofiira palibe. Mapuwa amabadwira mu pulogalamu ina ya kuofesi. Kumeneko chilichonse chinakhomeredwa pamalo pake, sungachisunthe mwachisawawa. Koma pulogalamu imeneyo sidziwa kukongoletsa, mayina amangokwerana. Ndiye Lolemba ndinawatulutsako, n'kuwasunga mu failo yoti itseguke mu pulogalamu yojambulira iyi. Akafika muno sakhalanso ngati chithunzi. Mtsinje ndi mzere pawokha, msewu ndi mzere pawokha. Ukhoza kuwakulitsa mpaka kudzaza khoma, sachita mbuu. Ukhozanso kugwira chinthu chimodzi n'kuchikoka. Taona."

Anagwira kachipangizo kam'manja kaja amati mausi, n'kudina pa dzina lakuti Mchinji, n'kulikokera pansi, n'kulibwezanso. Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 5, koma kusoka ndimakudziwa, ndiye ndinamva msanga. Mapuwo anali ngati diresi loti ladulidwa, aligwirizira ndi mapini, koma sanalisoke. Ndipo ndivomere, dzanja lawo ndinaliyang'anitsitsa kuposa mmene munthu wobweretsa tiyi amayenera kuchitira.

"Mudzi wako ndi uti?"

"Kwa Gondoza, Anti."

Anafufuza, n'kuyamba kukulitsa. Anakulitsa, anakulitsa, mpaka midzi ina yonse inathawira kunja kwa galasi. Panangotsala phiri, mtsinje wa Chankhwa, ndi kadontho kamodzi kabuluu kolembedwa Gondoza. Ndinasangalala kwa kamphindi. Dzina la kwathu, mu kompyuta, ku Amereka. Kenako ndinaona pamene kadonthoko kanali. Kanali tsidya la kumsewu.

Apa ndikufotokozereni pang'ono. Mudzi wathu uli tsidya la kuphiri. Ndiko kuli amayi anga, ndiko kuli manda. Ndili wamng'ono, amalume anga aang'ono anayambana ndi abale awo pa nkhani ya dimba, n'kuwoloka mtsinje ndi nyumba zisanu ndi ziwiri, dzina la mudzi n'kupita nalo. Anthu okumba mijigo atabwera, galimoto yawo sinathe kuwoloka chifukwa panalibe mlatho. Anafunsa amene anawapeza m'mbali mwa msewu kuti kuno ndi kwa yani, amalume n'kuyankha kuti kwa Gondoza. Mjigo unakumbidwa pomwepo. Amayi anga ankatungabe mumtsinje. Kwathu aliyense amadziwa kuti mudzi ndi pamene pali manda, ndipo tsidya la kumsewu panalibe ndi mtumbira umodzi womwe. Tsopano bodza la amalume linali litawoloka nyanja n'kudzandipeza ku Arlington.

Munthu wanzeru akanati, Anti, apa palakwika. Koma ine, wa Sitandade 5, kuuza munthu wa madigiri awiri kuti mapu ake ndi olakwika, m'nyumba mwake, tiyi wake ali m'manja mwanga? Ndinachita monga tinaleredwera. Ndinazungulira.

"Mtsinje umenewu umadzaza kwambiri nthawi ya dzinja," ndinatero.

"Eya, mitsinje ya kumeneko ndi yovuta."

"Anthu ena amakhala tsidya ili." Ndinaloza ndi chibwano.

"Anthu amakhala paliponse, mwana wanga. Shuga waika angati?"

Ndinkakonza mawu achitatu ozungulira pamene foni inalira. Anali akusukulu, mwana wawo wamkulu waiwala zovala za masewera. Anti anadzuma, n'kutenga makiyi.

"Ndikubwera pompano. Ndikangobwera ndiike mapuwa pa disiki ndithamangire nawo kosindikiza."

Galimoto inatuluka. Tadala anali mtulo pabalaza. Ndinatsika ndi thireyi, n'kutsuka kapu, n'kukweranso ndi nsanza ngati ndikukapukuta fumbi (m'nyumba munalibe wina aliyense, sindikudziwa kuti ndinkanamiza yani). Ndinayang'ana wotchi. Ndinakhala pamphepete pa mpando. Ndinadziuza kuti sindikuwononga kanthu, ndikungobweza chinthu pamalo pake, monga ndimachitira ndi nsapato za ana.

Mausi ija sinali yomvera. Ndikaikankhira kumanja, kamuvi ka pagalasi kankathawira m'mwamba. Ndinaigwira ndi manja awiri. Patapita nthawi kamuvi kanatera pa kadontho, ndinadina, n'kukokera kumanzere pang'onopang'ono, lilime lili panja. Ndinawolotsa mtsinje, n'kukatula m'munsi mwa phiri, pamene ndinkaganiza kuti ndi pankhokwe ya amayi. Nditasiya, kompyuta inalira m'mimba nthawi yaitali, galasi n'kuyera, kenako n'kuyamba kujambulanso mzere umodziumodzi. Ndinadabwa kuti kadontho kamodzi kangailemetse chotero. Koma zitabwerera, Gondoza anali kwawo, dzina lake lili pambali. Ndinapukuta mausi ndi nsanza, n'kutsika ndikuimba nyimbo ya kwaya.

Anti anabwera akuthamanga. Sanakhale ndi pansi pomwe. Anadina apa ndi apo ataimirira, n'kulowetsa disiki, n'kuitulutsa, n'kupita. Ine ndinasita malaya asanu ndi anayi ndili ndi mtima wa munthu woti wathandiza dziko.

Cha m'ma folo koloko anabwera ndi pepala lalikulu lopindidwa ngati mphasa, pamodzi ndi Bambo Zulu, mnzawo wa kuntchito wochokera ku Zambia, munthu wansangala wokonda mandasi anga. Anayala mapuwo pathebulo lodyera, n'kutsindira m'makona ndi mbale. Ine ndinkabweretsa tiyi, khosi nditalitalikitsa kuti ndione Gondoza. Bambo Zulu anavala magalasi n'kuwerama. Anayendetsa chala m'malire a mayiko awiriwa, n'kuima. Anayendetsanso.

"Amai Chikopa," anatero m'Chinyanja chawo cha ku Lusaka, "manje iyi minzi mwatipasa liti?"

"Midzi iti?"

"Iyi yonse ili kwatu. Ine nine wa ku Chipata, aya malo niyaziba. Uyu munzi uli mu Malawi, nakagulako nshaba. Lelo wabwela ku Zambia. Na uyu. Na uyu futi. Sitikana alendo, tizabalandila bwino, koma sembe mwatiuzako tapyanga."

(Kupyanga kwawoko ndiko kusesa.) Anaseka okha. Anti sanaseke. Anawerama, ndipo ndinaona khosi lawo likuuma.

"Midzi ya m'mbali mwa msewu yachoka pamsewu," anatero motsitsa mawu. "Iyi yakhala m'madzi. Uwu uli pamwamba pa phiri. Yonse yasunthira mbali imodzi. Yonse."

Apa m'pamene ndinamva chimene Anti sanandiuze m'mawa muja, poti sankadziwa kuti akuphunzitsa munthu. Anafotokozera Bambo Zulu kuti potulutsa mapu mu pulogalamu ya kuofesi, midzi yonse imatuluka yomangidwa pamodzi. Ukagwira umodzi wagwira yonse. Ine ndinaona mikanda ya pa ulusi umodzi. Ndinakoka mkanda wa amayi anga, boma lonse n'kunditsatira. Tiyi ndinamuthira m'sosala.

"Kapena ni makina," anatero Bambo Zulu.

"Makina sachita zimenezi okha. Dzulo zinali bwinobwino. Wina wakoka." Anti anatembenukira kwa ine, osati mokwiya, mongofunsa. "Make Tada, nditachoka paja analowa ndani m'chipinda muja?"

Apa ndiye penipeni pa manyazi anga. Zimene zinachitika m'mawa zija mwina mukhoza kundikhululukira. Izi ayi. Pa nthawi yomweyo Tadala anatulukira kukhitchini akuyenda ngati woledzera, chikho chake chili m'manja, n'kudzagwira mwendo wa thebulo. Tonse atatu tinamuyang'ana.  Ndinangomuyang'ana nthawi yaitali kuposa anzanga.

"Kodi amakwera masitepe tsopano?" Anti anafunsa.

"Akuyamba," ndinatero. (Ankakwera awiri, n'kukhala pansi, n'kulira.)

"Ndiye mwina anakoka chingwe cha mausi."

"Mwina, Anti."

Mwana wobereka ndekha. Anandiyang'ana n'kundipatsa chikho kuti ndimwe nawo.

Bambo Zulu anaseka mpaka kuvula magalasi. "Uyu mwana azankala wandale. Akalibe kukamba, wasintha kale malile."

Anti anapinda mapuwo pang'onopang'ono. Anati popeza sakudziwa china chimene mwanayo wakhudza, sangakhulupirire chilichonse mu failoyo. Ayenera kutulutsanso mapu onse kuchokera ku pulogalamu ya kuofesi, n'kuyambiranso kusanja mayina, ntchito imene inawatengera masiku awiri. Msonkhano unali mawa lake thu koloko. Pondiperekeza pakhomo anandigwira paphewa.

"Sindikukwiya, ndi mwana. Koma wakula tsopano. Kuyambira mawa umupezere pomusiya. Nyumba ino si yoti muzikhala mwana woyenda."

Ndinati chabwino, Anti. Ndinati zikomo. Tangoganizani, ndinathokoza.

M'sitima Tadala anagona pachifuwa panga, ine ndikuwerenga m'mutu anthu amene ndingamusiyire. Mayi wina wa pansi pathu m'nyumba yosanja yomweyo ankasunga ana asanu ndi mmodzi m'chipinda chimodzi, TV ili chiyatsire tsiku lonse. Wina ankasuta. Nditafika kunyumba ndinapeza abambo a Tadala akusita yunifolomu yawo. Ndinawauza zonse, kuyambira pa dimba la amalume.

Anaimika simbi. "Tadikira. Wasamutsa midzi ingati?"

"Yonse."

"Boma lonse la Mchinji?"

"Ndimafuna umodzi wokha."

"Ine ndimati ndinakwatira mkazi wamanyazi, woopa kufunsa ndi mtengo wa tomato womwe." Anayesa kudziletsa, koma mapewa ankagwedezeka. "Nanga kwathu ku Dedza ungatisunthireko pafupi ndi tauni? Basi imavuta."

"Abambo a Tadala, musaseke."

"Sindikuseka." Anapukuta m'maso. Kenako anayang'ana mwana amene ankalimbana ndi nsapato yawo pansi, ndipo kuseka kunatha. "Koma uyu walakwa chiyani?"

Ndinawerama n'kumunyamula mwanayo.

"Ukanena, mwina ntchito itha. Ukapanda kunena, ntchito ikhalapo koma mwana azikakhala kwa eni, pa mlandu wa amayi ake. Sankha wekha. Ine mawa ndikulowa m'mawa, sindingatsale naye."

M'mawa mwake ndinabereka Tadala n'kukwera sitima yoyambirira kuposa masiku onse. Mawu ndinawakonza kuyambira ku Hyattsville. Pofika posinthira koyamba anali mawu abwino kwambiri, okhala ndi vesi la m'Baibulo. Pofika posinthira kachiwiri vesi linali litagwa. Pofika pakhomo la Anti ndinalibe chilichonse.

Ndinawapeza m'kachipinda kaja, atavala diresi ladzulo lomwe lija, maso ali psuu, makapu atatu opanda kanthu ali pambali. Ndinagwada pakhomo, mwana ali kumsana.

"Anti, Tadala satha kukwera masitepe."

Sanatembenuke. "Pitiriza."

"Ndinakoka ndine. Gondoza weniweni ali tsidya la kuphiri. Ndinakoka kadontho kamodzi kokha, kumanzere. China chilichonse sindinakhudze."

Anadina kanthu kena, n'kuzungulira ndi mpando wawo. Anayang'ana ine, n'kuyang'ana mwana.

"Ndinadziwa madzulo omwe aja," anatero. "Ndinatenga mapu olakwikawo n'kuyamba kuona mudzi umodziumodzi. Ina ili m'dambo, ina m'mtsinje, ina kwa a Zulu. Umodzi wokha unakhala mwaulemu, m'munsi mwa phiri, ngati woika munthu wodziwa malowo. Mwana wa chaka chimodzi sangalunjike chotero."

Ndinayang'ana kapeti. Panali ulusi woyera umene ndinauphonya posesa.

"Nanga bwanji simunandiimbire, Anti?"

"Ndimafuna ndione ngati ubwera wekha kapena ndi munthu unamunamizirayo. Ukanabwera wekha, ndikanakubweza pakhomo pomwepo. Munthu wogulitsa mwana wake pa kadontho sindingamusiyire ana anga." Anapuma. "Dzuka, ukumupweteka miyendo. Bwanji sunangondiuza dzulo kuti mudzi uli polakwika?"

"Ndimaopa. Munthu ngati ine kukonza mapu a inu..."

"Kunena unaopa, koma kukoka sunaope."



"Ndiye tamva china," anapitiriza. "Kadontho unawolotsako ndi kamtundu wanji?"

"Kabuluu."

"Kabuluu ndiye kuti chiyani?"

Ndinatseka maso. Ndinali nditawapatsa amayi anga mjigo wa papepala. Mapu aja akanapita kumsonkhano, aliyense akanaona kuti tsidya la kuphiri madzi alipo kale. Chimene amalume anachita ndi pakamwa, ine ndinachimalizitsa ndi manja anga awiri.

Anti anatenga kabuku kawo n'kundifunsa bwinobwino: nyumba zingati tsidya ili, zingati tsidya ilo, anagawikana liti. Ndinayankha zonse ndili chiimire, ndipo sizinathe ndi mphindi zisanu zomwe. Anati kadonthoko sangakasunthe popanda munthu wokayeza malowo, koma pamsonkhano anena kuti Gondoza alipo awiri. Sanalonjeze mjigo. Mapu atsopano anali atatsala pang'ono kutha. Anagwira usiku wonse chifukwa, monga ananenera, munthu amene wanama kamodzi sungadziwe kuti wakhudza zingati.

"Mwana azibwera," anatero pomaliza. "Koma umupepese. Pano, ndikumva."

Ndinamasula chitenje, n'kumuimika pansi, n'kugwadanso. "Pepani, a Tadala." Iye anandigwira mphuno.

"Tsopano pita kusitolo ya zitsulo ya pakona apo ukagule loko wa chitseko ichi. Wamakiyi awiri. Onse akhala m'chikwama changa."

"Koma Anti, Tadala safikira n'chogwirira chomwe."

"Ndikudziwa."

Ndinabereka mwana n'kuyenda wapansi mpaka kusitoloko. Ndinasankha loko wolimba, poti ndinkamudziwa munthu amene ankafunika kutsekeredwa kunjayo. Njira yonse ndinkadziuza kuti ndaphunzira, kuti kuyambira lero ndizinena zoona ngakhale mawu akunjenjemera. Wogulitsa anali bambo wachikulire wa ndevu zoyera. Anatenga lokoyo, n'kusuzumira Tadala kumsana kwanga, n'kumwetulira, n'kufunsa ngati ndikugulira kamunthu kovuta aka.

Chingerezi changa chinali chochepa masiku amenewo, koma funso limenelo ndinalimva bwinobwino. Ndinagwedeza mutu kuvomera.